Ubwele Nawo Mailo

Amalume, lelo m'kalasi ya digili yachiwili tinali kuphunzila mmene mankhwala a shuga amayendela m'chiwindi ndi m'impso, ndiye ndakumbuka inu. Patha zaka ziwili chikuikileni m'manda ku Nyampande. Tsiku lomaliza kuonana lija munandipelekeza kokwelela basi ku Petauke, mukutsimphina ndi chilonda chakuphazi chosapola chija. Munauza kondakitala kuti, "Mphwangayu akuphunzila kupanga mankhwala, ndiye adzandichilitsa." Ndinakufotokozelani kuti ife tikali pa kemisitili, timangosakaniza timadzi m'timabotolo. Ndinati mankhwala atsopano amayesedwa zaka zambili asanafike ku kiliniki, ndipo ochuluka amathela panjila. Munandimvetsela mpaka ndinamaliza, kenako munati, "Chabwino, ubwele nawo mailo."

Ndinaseka n'kukwela basi. Kwathu mailo ndi liwu limodzi, la tsiku likubwela komanso la tsiku lapita, ndipo pamenepo tonse tinali kunena lakutsogolo. Mayeso ali Lachisanu, ndikali kuwelenga, ndipo palibe mankhwala amene ndapanga. Mailo anu aja, amalume, anasanduka akumbuyo ine ndikali kutsuka timabotolo.