Dothi Lobwerera Kumtunda

Mayi wina wamasiye anayamba kuwazindikira bambo olima munda wa kumtunda kwake m'mawa wina mvula itagwa yamphamvu. Anawapeza ataima m'malire a munda wake ndi dengu ndi fosholo, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, ndadzatenga dothi langa. Lathawira kwanu kuno."

Iye anangovomera ndi mutu, n'kumaonerera mkuluyo akusenza dothi lakuda kubwerera nalo kumtunda, dengu ndi dengu.

Anthu a m'phirimo ankawatcha a Gubuduza, chifukwa tsiku lililonse ankagubuduza miyala. Munda wawo unali wobwereka, wotsetsereka moti ngakhale mbuzi zinkaulambalala. Ankazula miyala ndi mgwala wachitsulo, n'kuisanja m'mipanda yopingasa phiri, kumbuyo kwake n'kudzazamo dothi ndi manyowa. Anzawo akakolola kamodzi n'kukhala pansi, iwo ankazula anyezi, kudzala nyemba, nyemba zikatha kabichi. Kamunda kongati mphasa, koma sikankagona.

"Mukunenepetsa ng'ombe ya eni, achimwene," ankawaseka amuna podutsa.

"Mkaka wake ndikumwa ndine," ankayankha osatukula mutu.

Mayiyo ankasirira, koma anali ndi mantha ake. Chimwalirireni mwamuna wake, alamu ake ankaulekerera mundawo kokha chifukwa unali zigwembe zokhazokha. Iye akausiya choncho, mvula iumaliza, ana agona ndi njala. Akaukonza, alamu autenga. Choncho ankangolima mizere yotsika ngati kale, n'kumaba nzeru ndi maso: mwala waukulu pansi, wophwatalala pamwamba, timipata totulukira madzi. Nthawi zina ankapeza mbande za anyezi zitaikidwa pachitsa, zokutidwa ndi masamba onyowa. Palibe anatchulapo za mbandezo.

Zimene ankanena amuna aja zinachitikadi. Mwini munda ataona kabichi wonga mitu ya anthu, anakumbukira kuti ali ndi mwana wofuna polima. A Gubuduza sanakangane naye. Anamanga katundu kuti atsikire kuchigwa kwa mwana wawo wamkazi.

Mipanda imene ili m'munda wa mayiyo lero inayamba chilimwe chomwecho. Alamu anabweradi patapita zaka, n'kudula mbali ya kumtunda. Yotsalayo ndi imene yalera ana mpaka kukula. Mvula ikamagwa, iye amaima pakhomo kumvetsera madzi akutsika mwaulemu, sitepe ndi sitepe, n'kukumbukira tsiku lotsanzikana lija.

Tsikulo a Gubuduza anabwera atasenza mgwala paphewa, nauimika pakhoma la nyumba ya mayiyo.

"Kuchigwa kulibe miyala. Uwu ungakachite dzimbiri."

Aka kanali koyamba mayiyo kuwayang'ana kumaso. "Koma bambo, simukudandaula? Thukuta lonse lija, adye ena?"

"Ndadya nawo, mayi. Ndipo dothi lija lili pompaja, silinapite kumtsinje."

"Nanga ine ndikamanga, alamu akadzalanda?"

Anaseka pang'ono, akuvala chipewa chawo.

"Alamu akalanda mumadziwa kokadandaula. Mvula ikalanda mukaipeza kuti? Yambani kumunsi, mayi, ndi mwala umene mungaukwanitse nokha."