Juzi Imene Alamu Anga Sanaipeze

Amuna anga anali ndi juzi imodzi yabuluu woderako, yokhuthala, imene anagula pa kaunjika tisanasamukire kuno ku Kawale. Pa zinthu zonse za bambo ameneyo, juzi yokhayo ndi imene sinandinamizepo. Wailesi yawo inkanama, wotchi yawo inkanama, eni akewo ndiye osanena. Koma juzi ikati ifunditsa, inkafunditsadi. Ankagwira ntchito ya ulonda, choncho kukangoyamba kuzizira sankaivula mpaka mphepo ya Ogasiti itadutsa. Inkanunkha utsi wa mbaula ndi fodya amene ankalumbira kuti anasiya.

Pachigongono panali chigamba cha ulusi wobiriwira. Khala la pambaula linabowola pamenepo atayamba kudwala, ndiye mlongo wawo, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza kudwazika, anasokapo ndi ulusi umene anaupeza. Ndinawathokoza, komanso ndinayang'ana m'thumba mwawo tsiku limene ankabwerera.

Matenda atakula tinagonekedwa kuchipatala. Kunabwera mng'ono wawo, alamu anga, munthu amene amadziwa kupemphera mokweza kuti wodi yonse imve. Anagwira mkono wa wodwala n'kuyamba kufuula kwa Mulungu. Ine popemphera ndimatseka diso limodzi lokha, ndipo Mwini wake anazolowera. Ndi diso linalo ndinaona zala za alamu zikutikita wulu wa juzi ija, ngati mayi amene akuyesa chitenje pamsika. Atati ameni, sanachotse dzanja.

"Achimwene, juzi iyi ndi yolimba," anatero. "Zoterezi masiku ano sizikupezeka."

Munthu akupuma movutika, wina akumuyeza mapewa.

Tinakawaika kumudzi. Mwambo ndimaudziwa, ndipo sindilimbana nawo. Mwamuna akamwalira, abale ake amabwera pakapita nthawi kudzagawana zovala, mkazi n'kukhala pamphasa kumaonerera mmene mwamuna wake akuchokera pakhomo kachiwiri, malaya kwa uyu, nsapato kwa uyo. Abalewo anandiuza kuti ndikatseke sutikesi, adzabwera akakolola. Ndikukwera minibasi yobwerera ku Lilongwe, alamu anasuzumira pawindo, maso ali ofiira ndi misozi.

"Akazi anga," anatero, poti chilamu chimalola nthabwala zotero, "juzi ija muisunge pabwino, njenjete zingaidye."

Njenjete ndinali ndikuiona, itavala jekete lobwereka.

Nsapato atenge, suti ya kutchalitchi atenge, njinga atenge ndi matayala ake akuphwa. Koma juzi ayi. Sindinganene kuti ndinkaifunira chiyani. Ndinkangodziwa kuti sindingapirire kudzaiona ili pathupi la alamu, akutafuna nzimbe pa maliro a munthu wina.

Vuto linali pobisa. Pansi pa matiresi ndi pamene mlendo aliyense amayambira. Kudenga amatumako mwana. Mwana wanga wamkazi wa ku Area 25 akanaipereka kwa mwamuna wake, amene amavala chilichonse chimene sanagule yekha. Amayi a kumpingo ndimawakonda, koma chinsinsi ukachipereka Lachinayi, Lamulungu chimakhala chafika kwa abusa ndi ndiwo zake.

Tsono khomo loyandikana ndi langa mumakhala mayi wina wa lendi, wa pakamwa ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Iyeyo ndi anzake anaphunzira kugulu lina la amayi kuluka patimafelemu. Kafelemu kake ndi timatabwa tinayi tokhomedwa m'makona, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo, tili ndi misomali m'mbali monse ngati mano a ng'ona. Umakunga ulusi pamisomali kuchokera kumtunda kupita kumunsi, kenako umatenga sipoko ya njinga yopinda kumapeto n'kumalowetsa ulusi wina, pansi, pamwamba, pansi, pamwamba, n'kumautsendera ndi foloko. Chimatuluka ndi kachigamba kamodzi. Ukafuna chovala, uziluka tizigamba tambiri n'kutilumikiza.

Ine ndinkawaseka. Kugulu kuja anawauza kuti alendo akunja adzagula masikafu onse. Alendowo mpaka lero akadali m'njira, ndipo mzere wathu wonse unkayenda utakulunga masikafu m'khosi mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, poti chinthu choluka wekha sutaya. Koma m'mawa wina ndinamuona mayiyo atakhala pakhonde akumasula juzi yakale ya pa kaunjika, ulusi ukungotuluka, juzi ikutha ngati mchere m'madzi. Ndinaima ndi tsache m'manja.

"Aneba, tandiphunzitsani zanuzi."

"Ii, agogo! Inu amene munkati ndi masewera a ana a sukulu ya mkaka?"

"Ndakalamba, ndabwerera ku umwana. Mundiphunzitsa kapena ndikafunse kwina?"

"Khalani pansi, khalani pansi. Zikuthandizani kuiwala. Nanga ulusi mukautenga kuti?"

"Pa kaunjika, ngati inu."

Kuti bodza likhale ndi miyendo, ndinapitadi kumsika, n'kubwerera ndi jumbo yotupa, kudutsa pakhomo pake pang'onopang'ono kuti aione bwino. M'katimo munali kabichi.

Juzi ndinaimasula ndekha kuchipinda, chitseko chili chotseka, dzuwa likuswa mtengo. Ndinadula msoko wa m'khosi, n'kukoka. Sindinaganize kuti ingavomere msanga chotero. Khosi linapita, mapewa anapita, manja amene ndinkawachapa chaka ndi chaka anasanduka mulu wa ulusi wopotanapotana pamiyendo panga. Kenako ndinaukulunga kumiyendo ya mpando, kuuviika m'madzi otentha kuti uwongoke, n'kuuyanika m'nyumba momwemo. Pachingwe cha panja amayanikapo anthu opanda adani.

Azimayi obwera kudzandipepesa ankapeza chitseko chotseka, ndipo ndinkawamva akunong'onezana pakhonde.

"Asiyeni, akulira."

"Ankakondana anthu amenewa, ngakhale ankatukwanizana."

Ine m'katimo ndikutukwana foloko. Tizigamba toyamba tinatuluka topanikizika pakati ngati chiuno cha mavu, chifukwa ndinkakoka ulusi mwamphamvu. Aneba anati ulusi umafuna kuusiyira mpata, kuukhulupirira pang'ono. Ndinawauza kuti ndi chifukwa chake ntchitoyi ikundivuta. Ndinamasula, n'kuyambiranso, mpaka manja anaphunzira okha. Ndinalumikiza tizigambato kukhala chikoti chopanda manja, chofika m'chiuno. Choluka pafelemu sichifanana ndi juzi, chimakhala chophwatalala ngati mkeka, ndipo aliyense woona akanati ndi chinthu china.

Koma ulusi unaperewera kachigamba kamodzi. Wotsala unali wobiriwira uja wa pachigongono, ndi tizidutswa ta buluu. Ndinazisakaniza n'kuluka kachigamba komaliza, n'kukaika kumsana, m'munsi mwa khosi, kumene maso anga safika. Nzeru za nkhalamba! Kumsana ndi kumene anthu amakuyang'ana kwambiri.

Anabwera mu Julayi, tsiku la mphepo ndi kamvula kowaza. Anali alamu aja, mlongo wawo uja, ndi amalume awo okalamba amene anabwera kudzatsogolera mwambo koma anathera kuwodzera pampando. Ndinavala chikoti changa, n'kutulutsa sutikesi, n'kukhala pamphasa. Mlongo wawo anakhala kumbuyo kwanga.

Alamu anatsegula sutikesi ndi nkhope ya chisoni ndi manja a changu. Suti anaika pambali pawo. Nsapato anaziyesa pomwepo, zinawathina, anati zidzamasuka. Malaya ong'ambika anapereka kwa amalume. Atafika pansi pa sutikesi, anaigwedeza ngati mwina ili ndi chipinda china.

"Akazi anga, juzi ija?"

"Sutikesi ndi imeneyo, alamu."

"Ayi, musatero. Yabuluu ija. Achimwene anandilonjeza ali moyo."

"Analonjeza liti? Ine ndinalipo. Munkayankhula ndinu, iwo ankafunafuna mpweya."

Amalume anadzidzimuka n'kunena kuti tisakangane pamaso pa zovala za malemu, n'kubwereranso kutulo. Alamu anapempha kuti alowe m'nyumba, mwina inagwera kuseri kwa bedi. Ndinati lowani. Ndinawamva akutembenuza matiresi, akutsegula ndowa ya ufa, akukwera pampando kusuzumira kudenga. Anatuluka ndi ukonde wa kangaude kumutu.

Nthawi yomweyo aneba anatulukira ndi fulasiki ya tiyi, poti mayi ameneyo akamva mawu achilendo miyendo imamuyabwa.

"Mwachiona chikoti cha agogo? Aluka okha! Ndawaphunzitsa ndine. Anangomasula juzi imodzi basi, chonsechi!"

Alamu anatembenuka. Ine ndinayang'ana nyerere imene inkadutsa pamphasa.

"Juzi yanji?"

"Ya pa kaunjika. Ndinawaona ndi maso angawa akubwera nayo mujumbo, yotupa chonchi."

Mulungu adalitse kabichi. Mboni yabwino ndi imene ikukhulupirira bodza lako ndi mtima wonse. Alamu anachiyang'ana chikoticho kutsogolo, n'kupukusa mutu.

"Azimayi inu mumaononga zinthu. Juzi yabwinobwino kuisandutsa chiguduli."

Ndinali nditayamba kupuma bwino pamene ndinamva chala kumsana kwanga, m'munsi mwa khosi. Chinayenda pang'onopang'ono, n'kuima. Mlongo wawo anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu langa.

"Alamu, ulusi uwu ndikuudziwa."

Sindinatembenuke. Ndinaganiza kuti basi, andivula pano pabwalo, pamaso pa aneba, ndipo nkhani ikafika ku Biwi dzuwa lisanalowe. Chala chija sichinachoke. Ndiye ndinamva mayiyo akukweza mawu, osati kwa ine, koma kwa mchimwene wake.

"Iwe, tatiye uko. Wapeza suti, wapeza nsapato zosakukwana, njinga iyo waikhomerera kale maso. Ukufunanso chiyani, khungu lawo? Juzi ija inali itatha, ndinasoka ndine. Tseka sutikesi anthu amwe tiyi."

Alamu anang'ung'udza kuti m'tauni anthu ndi akuba, n'kuthira shuga wanga m'kapu mpaka supuni inaima yokha.

Munthu akakuchitira chabwino, uzifunsa kuti akufuna chiyani. Amuna aja atanyamula katundu kupita kusiteji, mlongo wawo anati atsala, mwendo ukuwawa. Tinalowa m'nyumba, iye n'kutseka chitseko yekha.

"Vulani," anatero.

"Sindivula."

"Sindikufuna chonse. Ndikufuna ulusi wanga."

"Munapereka kwa achimwene anu. Chopereka sabweza."

"Ndiye ndikamuitane uja asanakwere minibasi?"

Ndinamuyang'ana, iyenso anandiyang'ana. Ndipamene ndinazindikira kuti pa zonse zimene zinatuluka m'sutikesi muja, iye sanalandire ngakhale mpango wa m'thumba. Zovala za mwamuna zimapita kwa amuna. Amene anamutsuka wodwala, amene anamusokera chigongono, anabwera kudzangoonerera ngati ine.

Ndinavula. Anatambasula dzanja kuti ndimupatse lumo, koma ndinati ayi, ndimasula ndekha, angadye ndi kachigamba koyandikana nako. Ndinamasula msoko mozungulira, n'kumupatsa kachigamba kobiriwirako. Anakaika pamphuno. Sindikudziwa chimene anamva, poti ulusiwo ndinali nditauviika m'madzi otentha, koma anakhala nthawi yaitali atakagwira choncho, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayang'ana kukhoma. Kenako anakamanga pansonga ya chitenje, n'kufunsa ngati ndili ndi sopo wapadera woti apite naye kumudzi. Ndinamupatsa theka.

Bowo la kumsana ndinalitseka ndi ulusi wa pa kaunjika weniweni. Mtundu wake sunafanane, ndipo mphepo imadziwa pamene pali chigambacho. Alamu amabwerabe akakhala ndi zochita m'tauni, amakhala pampando wa achimwene awo atavala suti ija, nsapato zikuwaluma, n'kumandiuza kuti akuganiza kuti juzi inabedwa ndi ochapa a kuchipatala. Ine ndimavomera kuti dziko laipa, ndili ndi chikoti changa pathupi. Ndimachivala nthawi zonse akabwera, kaya kukutentha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlongo wawo sananenebe, koma ali ndi umboni pansonga ya chitenje ndiponso ali ndi pakamwa, choncho akatumiza uthenga kuti sopo watha, ndimatumiza.

Ana ndi adzukulu ndinawasonkhanitsa n'kuwauza kuti tsiku langa likadzafika, adzandiveke chikoti chimenechi m'bokosi, pasadzakhale zogawana. Onse anavomera mwaulemu, ena mpaka anagwetsa misozi. Titatha tinagwada kupemphera, ndipo mdzukulu wanga wamkulu, mtsikana wa ku sekondale amene amati zoluka zabwereranso m'fashoni, anagwada pafupi nane n'kundikoleka dzanja m'chiuno. Ndinatseka diso limodzi. Ndi linalo ndinaona zala zake zikutikita m'mphepete mwa chikoti changa.