Tsiku Limene aNambewe Anadya ndi Galu

Ndikakumbukira aNambewe, aneba athu a ku Chilomoni, ndimamva fungo la makala onyowa ndi mvula, ndipo ndimawaona akuunjika timilu togulitsa pakhonde, manja ali bii, pakamwa pali nyimbo ya kutchalitchi. Anali mayi wamasiye, ndipo ankakhala ndi agalu awiri, Taiga ndi Bobi, amene ankagona mogundana pa chiguduli chimodzi kuseri kwa matumba a makala.

Ndili Sitandade 4, minibasi inagunda Bobi kumsewu, nkufera pomwepo. Kuyambira tsikulo Taiga analeka kudya. Ankapita kukanunkhiza pamene panafera mnzakeyo, nkubwerera pa chiguduli chija, maso ali kugeti. Pofika Lachitatu nthiti zinali poyera, ndipo bambo anga ndi azibambo ena a mulaini mwathu anati chimenecho ndi chiwewe, galuyo aphedwe Loweruka asanalume mwana.

ANambewe sanakangane nawo. Anangowafunsa ngati anaonapo galu wachiwewe akumwa madzi bwinobwino, nkumagwedezera ana mchira. Kenako anati, “Achimwene, galuyu sakudwala ayi, wafedwa. Mundipatse masiku amenewa.”

Masana omwewo anayala mphasa pafupi ndi chiguduli, nakhala pansi, miyendo atatambasula ngati pamaliro. Anali ndi mbatata yophika ndi usipa. Za Taiga anaika pa chivindikiro, zawo nkumadya pang'onopang'ono, osamukakamiza, dzanja lina likumusisita pakhosi. Anauza mayi anga kuti amuna awo atamwalira, chakudya chinkawakanira pakhosi, mpaka mayi wina wa mumpingo anadzakhala nawo nkuyamba kudya m'mbale imodzi. Wofedwa sadya yekha, anatero.

Azimayi odzagula makala ankaseka. Wina anafunsa ngati abwere ndi kwaya kudzagona pasiwa. “Bwerani ndithu, asisi,” anayankha aNambewe, “koma musaiwale ndiwo.”

Lachinayi Taiga anangonunkhiza chivindikiro nkutembenuka. Ine ndinali nditayamba kale kumupempherera, ngakhale sindinkadziwa ngati galu amapemphereredwa. Lachisanu Taiga ananyambita usipa umodzi m'dzanja lakuda lija la aNambewe.

Loweruka azibambo anafika ndi chingwe ndi zibonga, ndipo anapeza Taiga akukankha chivindikiro ndi lilime, chitayera mbee, aNambewe akumuonjezera phala. Bambo anga anabisa chibonga kumbuyo, nkutsokomola, nkunena kuti amangodutsa kudzapereka moni. Taiga anakhala zaka zina zambiri, ndipo nthawi zina ankaperekeza bambo omwewo mpaka pasiteji.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti anandikulitsira pafupi ndi mayi uja. Mumpingo mwathu mukagwa maliro, ena amadziwa kulalikira, ena kuimba. Ine mawu ndilibe ambiri. Ndimasamba m'manja, nkukhala pamphasa pafupi ndi wofedwayo, mbale pakati pathu, nkuyamba kudya ndine.