Malonje a Felista sindinawamve

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga ena asanandiululire. Ine, ndi imvi zonsezi, ndinkakhulupirira kuti munthu akakwera ndege n'kukagona kwa azungu, amabwerako matako atasintha: sangakhalenso pamphasa.

Musaseke msanga. Ena mwa inu mukukhulupirirabe.

Mwana wanga wotsiriza, Felista, amaphunzira ku sekondale ya amishoni ku Blantyre. Sukulu yawoyo inapangana ndi ina ya ku Sikotilandi kuti azisinthana ana kwa teremu imodzi: wa uko abwere adzapse, wa kuno apite akazizidwe. Anasankhidwa Felista. Nzeru anatengera amake. Ine ndinalekera Sitandade 3, nditaona kuti aphunzitsi ayamba kubwerezabwereza zomwezomwezo.

Mwezi watha mwanayo anabwera kumudzi.

Mukudziwa mmene timalandirira wapaulendo kwathu kuno. Timayala mphasa pamthunzi, timam'patsa madzi, tonse n'kukhala pansi. Iye amayamba malonje: mmene ananyamukira, kumene anagona, amene anam'komera mtima, chimene chinam'pweteka. Ife timangovomera kuti "Eee, eee," mpaka atatula zonse. Pamenepo ndiye kuti wafika. Asanapereke malonje, lafika ndi thupi lokha, mwini wake akadali m'njira.

Amake anatulutsa mphasa. Ine ndinati, "Bwezerani m'nyumba chimenecho! Mukufuna mutichititse manyazi?"

Ndinathamangira kwa a Zuze, kalaliki wa ku esiteti ya nzimbe, kukabwereka mpando, tebulo ndi foloko. Ndinaitana anthu. Mwana tinam'khazika pamwamba yekhayekha, ife tonse pansi, tikumuyang'ana ngati mbuzi ya pamsika wa Ngabu.

"Adona," ndinatero pomuikira ndiwo, "uyu timam'tcha mlamba. Mukum'kumbuka, kapena tikuuzeni kumene kuli mutu?"

Anthu anaseka. Ine ndikamva anthu akuseka, ndimakhala ngati ndamwa.

Felista anayesa kuyamba malonje. "Baba, nditangofika kumene kuja..."

Ndinam'dula pakamwa: "Tamvani! Ngakhale Chimang'anja chayamba kutulukira m'mphuno!"

Anasekanso. Mwana anaika foloko pansi.

Kenaka ndinatsegula sutukesi yake pamaso pa onse, kuti aone zimene watibweretsera. Ndinapisa dzanja n'kutulutsa buluku. Buluku lake mwini, limene ankavala uko chifukwa cha chisanu. Ndili chiliimikire m'mwamba, ndinakumbuka kuti a tcheyamani a nthambi ya chipani akhala patsogolo pomwepo, ndipo lamulo la boma loletsa akazi kuvala mabuluku mukulidziwa nonse.

"Mwana wanzeru uyu," ndinatero msangamsanga. "Wakumbukira bambo ake."

Mpaka lero ndikulivala bulukulo. Limathera m'mwamba mwa akakolo ndipo silimangika pamimba, koma ndikulivala, kuti mboni zisanditsutse.

Tchuthi chonse ndinkamuitana Adona. Akamapita kukatola thonje ndi amake, ine ndinkafuula, "Samalani, dzuwa la kuno ku Chigwa cha Shire silidziwa pasipoti!" Iye ankangomwetulira pang'ono. Ine ndimati tikucheza.

Lachiwiri lapitali ndinam'perekeza kukakwera basi ya ku Blantyre. Atakhala pawindo ndinati, "Adona, muyende bwino, mukapereke moni kwa Mfumukazi."

Sanaseke. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Baba, kodi mukudziwa kuti kumene kuja ndinagonekedwa m'chipatala?"

Kondakitala anamenya chitseko, basi inanyamuka. Ndinatsala m'fumbi, pakamwa pali yasa, mubuluku la mwana wanga.

Tsopano ndikufunseni, anzanga. N'chifukwa chiyani wochokera kunja timam'funsa kuti "Watibweretsera chiyani?" osati "Unakhala bwanji?" N'chifukwa chiyani timayamba kum'seka asanatsegule pakamwa? Timati tikum'tsitsa asanayambe kunyada. Koma wam'kweza ndani? Si ife tomwe, ndi mipando yobwereka?

Chondipweteka n'chakuti ine ndiye ndinayenera kudziwa. Ndili mnyamata ndinapita kumigodi ya ku Joni. Ndinkalira m'bulangete, chisanu chikuluma zala, ndikulakalaka fungo la matope a m'Shire. Pobwera ndinavala jekete ndi chipewa, anthu n'kuthamangira bokosi langa. Palibe anayala mphasa. Ndiye nanenso ndinawapatsa zimene ankafuna: nkhani za magetsi ndi nyama ya tsiku ndi tsiku. Zolira zija ndinazisunga, ndipo zili pomwe ndinaziika.

Umo ndi mmene kunja kumasandukira kumwamba. Obwerako sitiwalola kunena kuti kunali kozizira.

Chaka chino ana ambiri akupita, ena kusukulu, ena kukosi ya ntchito. Akabwera timawawerenga nsapato, kalankhulidwe, kanyamulidwe ka sipuni. Amene anadwala, amene anasowa womulankhula chinenero chake, amene anangopirira, sitim'dziwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwana wako yemwe, ukam'sandutsa mlendo, amakamukanso chimodzimodzi.

Usiku wa Lachiwiri lomwelo ndinafunsa amake Felista ngati za chipatalazo ankazidziwa. Anapitiriza kutsuka mbale osandiyang'ana.

"Chinali chibayo," anatero. "Masau ouma aja ndinam'mangira pakansalu, aja munkaseka kuti akatichititsa manyazi kwa azungu, ndi amene ankabwira limodzilimodzi pabedi pamenepo, kuti asathe msanga. Anandiuza m'munda wa thonje, tsiku loyamba lomwe."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Akuuzeni liti? Pakamwa panu pamakhala potsegula ngati sitolo ya Mmwenye." Anaika mbale pansi. "Imwe, mverani. Akabwera pa Khirisimasi, mphasa ndidzayala ine. Inu mudzavule bulukulo, mudzakhale pansi, ndipo mawu anu adzakhale amodzi okha: eee."