Njinga ya Munthu Amene Anatengedwa

Chaka cha chilala chija, pamene tinkadya chimanga chachikasu, ndinali mphunzitsi watsopano pasukulu ina kufupi ndi Chia. Chilichonse chinali ku Boma: malipiro, positi, chipatala. Mkazi wanga anali woyembekezera, miyendo inkamutupa, ndipo ulendo wa kusikelo unkatidyera tsiku lonse. Ndinkafuna njinga.

Loweruka lina ndinatenga ndalama zimene ndinasunga kwa miyezi isanu ndi itatu n'kupita ku Boma. M'sitolo munali njinga zakuda zija zolemera, koma nditamva mtengo wake ndinangotuluka. Zanga sizinkafika ngakhale theka. Ndinapita kwa bambo wina wokonza njinga kuseri kwa msika, ndipo anandionetsa zakale ziwiri. Ina felemu yake inali yowotcherera pawiri, inayo mawilo ake ankavina ukawazunguza.

"Izi zikupwetekani, aphunzitsi," anatero. "Mumchenga wa kwanu uja simupita nazo patali." Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Ilipo ina ya magiya, yamatayala onenepa, imene akuti maunteni baiki. Koma mwini wake anamutenga."

Masiku amenewo akati munthu anamutenga, sunkafunsa kuti ndani wamutenga. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwini njingayo anali kalaliki paofesi ina, ndipo m'chikwama mwake anapezamo mapepala otsutsa boma. Njingayo anachita kumubweretsera mkulu wake kuchokera ku Joni. Mkazi wake anali ataitsatsa miyezi iwiri, koma panalibe wofuna kuoneka akulowa pakhomo pake.

Nyumbayo inali kumunsi kwa mzikiti, njira yopita kunyanja. Ndinapeza mayiyo akuyanika chinangwa pamphasa, ana atatu atakhala pakhonde, wamng'ono atatupa masaya. Mayiyo anaitulutsa njingayo m'chipinda atayifunditsa chitenje. Inali yabuluu. Ndinafinya mabuleki, ndinakoka masipoko limodzilimodzi, ndinazunguza tcheni. Zonse zinali bwinobwino, kupatula chishalo chimene chinang'ambika kumbuyo ndipo wina anachisoka ndi ulusi wa ukonde. Ndinaikwera mpaka pamtengo wa mgwalangwa n'kubwerera. Mumchenga inkadutsa ngati pamsewu wa tala.

Mtengo umene mayiyo anatchula unali wotsika kale, ndipo ndalama zimenezo ndinali nazo m'thumba. Koma ndinaganiza za kaliyala amene panalibe, za matewera, za shuga.

"Mayi," ndinatero, "mukudziwa kuti njinga imeneyi ili ndi mbiri. Ine ndikudziika m'mavuto poigula."



"Ndikudziwa, bambo. Perekani zimene muli nazo."

Ndinatembenuka pang'ono, ndinapatula zina m'thumba momwemo, zotsalazo n'kumupatsa. Sanaziwerenge. Anazimanga kunsonga ya chitenje n'kubwerera ku chinangwa chake. Mwana wamkulu ananditsatira mpaka panjira, maso ali panjinga, mpaka mayi ake anamuitana.

Tsiku lomwelo ndinagula kaliyala wakale ndi kachitini ka penti wakuda. Kunyumba ndinaipaka yonse kuti asaizindikire. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndaigula kwa munthu wa ku Salima, ndipo anyamata a chipani atandiimitsa pageti la msika kufuna khadi, nawonso ndinawauza zomwezo.

Njingayo inagwira ntchito. Ndi imene inanyamula mkazi wanga tsiku limene matenda anayamba, ndipo tinafika kuchipatala nthawi yabwino. Inanyamula ufa, mabuku a sukulu, ndi odwala a m'mudzi osawerengeka. Anthu ankandiyamikira kuti ndili ndi diso posankha katundu.

Patapita chaka ndi miyezi, andende ambiri anayamba kutulutsidwa. Tsiku lina ndili kwa wokonza njinga uja kumatitsa chubu, panafika bambo woonda, woyendera ndodo, atavala kofia yoyera. Mano akutsogolo analibe. Wokonza njinga anaweramira chubu chija. Bamboyo anaima pafupi ndi njinga yanga, anapititsa chala pa ulusi wa pachishalo paja.

"Ndinu aphunzitsi a ku Chia?"

"Ndine, bambo."

"Giya yachitatu ikumadumphabe?"

"Ikumadumpha."

"Muzimanga kawaya aka pang'ono. Taonani."

Anawerama kuti andionetse, koma zala zake zinakanika kugwira kanati komangira kawayako. Ziwiri zinali zopindika ndipo sizinkafumbata. Anayesa kawiri, kenako anadzuka movutikira.

"Mayi a kunyumba anandiuza kuti inu nokha ndi amene munalimba mtima kubwera," anatero. "Ndalama zija zinagula chimanga cha milungu itatu. Wamng'ono uja anatisiya chitatha. Koma munatithandiza. Mulungu akudalitseni."

Malipiro anga a mweziwo anali m'thumba la malaya. Ndikanatha kumuuza zoona pomwepo, ndikanatha kumupatsa zimene ndinabisa tsiku lija. Koma pamalopo panali anthu ena awiri odikira njinga zawo, ndipo mantha akale aja anali asanandichoke. Ndinangoti, "Pepani ndi zovutazo. Ndidzabwera kunyumba kudzakuonani."

"Mudzatipeza," anatero, n'kumapita pang'onopang'ono cha kumsika.

Mwezi umenewo sindinapite. Mwezi wotsatira mwana wathu anadwala malungo. Wachitatu ndinakonzadi ndalamazo mu envulopu, koma nditafika kwa wokonza njinga anandiuza kuti bamboyo anamwalira Lachinayi m'mawa ndipo anamuika masana omwewo. Mkazi wake anali atatengedwa ndi abale ake kupita cha ku Dwangwa pamodzi ndi ana awiri otsalawo. Mudzi wake weniweni panalibe woudziwa.

Ndinafunsa kwa anthu a kumzikiti, kenako kwa ogulitsa nsomba ochokera ku Ngala. Wina anati anamuona mayiyo akugulitsa zitumbuwa kufupi ndi minda ya nzimbe. Ndinapalasa ulendo wonsewo patchuthi, ndinazungulira masiku awiri, osamupeza. Ndinagona pasukulu ina kwa mphunzitsi mnzanga, ndipo atandifunsa chimene ndinadzera, ndinati ndikufuna mbale wanga.