Nkhuku Imene Ndinakana Kuphika

Dzanja langa lamanzere mpaka lero silinyamula ndowa. Analithyola ndi bambo a mwana wanga, ndi mpini wa khasu, m'munda wa mtedza kwathu kwa Zulu, mwanayo ali kumsana. Khoti la kuboma linawapatsa zaka zitatu. Ndinayamba kupeza tulo.

Sipanathe miyezi inayi ndinamva kuchigayo kwa Kamwendo kuti achimwene awo agulitsa fodya, apeza loya, achita apilo ku Lilongwe, munthu akutuluka. Ufa ndinausiya pomwepo, ine pa minibasi mpaka kuboma, mwana akulira. Kalaliki wa pakhoti, mayi wina wa magalasi, anandiwerengera pepala la chigamulo pang'onopang'ono, poti ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi. Anati mlandu sunafufutike ayi, chilango changoimikidwa, akapalamulanso zaka ziwiri zisanathe akalowanso m'ndende ndithu. Ndinafunsa kuti apalamule pa yani, poti wokhala nawo nyumba imodzi ndine.

Loweruka lake anabwera, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, bamboyo pambuyo atavala malaya atsopano, m'manja muli nkhuku yomanga miyendo. Kwathu mkazi akalandira nkhuku ya chipepeso, n'kuiphika, anthu n'kudyera pamodzi, nkhani yatha, mkamwini amalowanso m'nyumba. Ankhoswe analankhula nthawi yaitali, zakuti banja n'kupirira, zakuti ino ndi nthawi ya matipate, ngakhale wa kundende ali ndi ufulu wake. Ine maso anali pa manja a bamboyo. Ankatokosa dothi ndi kamtengo.

Amalume, ankhoswe a mbali yanga, anati, "Iwe mwana, boma lawakhululukira. Ndiwe wamkulu kuposa boma?"

Ndinagwada mwaulemu, koma manja ndinawabisa kumbuyo, ndagwira mwana wanga.

"Amalume, boma silinakhululuke, likudikira. Likudikira andimenyenso kuti liwatenge. Nyambo yake ndikhale ine? Nkhukuyo akaphikire ajaji a ku Lilongwe."

Mayi wina wa kuchimuna anaseka n'kugwira pakamwa msanga. Amalume anati ndawavula pagulu, mkazi wotere adzakalamba yekha. Ndinati ndibwino, bola ndikalambe.

Amayi anga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatulutsa bulangeti la bamboyo, wailesi yawo ndi nsapato za kumunda, n'kuziika pamphasa pamaso pa ankhoswe. Malo ndi a amayi, nyumba ili pa malo a amayi, panalibe woti n'kutsutsa.

Anachoka dzuwa lisanapendeke. Amalume sanandilankhule mpaka mvula inagwa. Zaka ziwiri zija ndinaziyenda chocheuka, kumjigo, kumunda, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Koma m'nyumba mwanga bambo aja sanalowemonso.