Anandichotsa Ntchito Chifukwa cha Pulagini Imene Ndinaikana

Inu owerenga, ntchito anandichotsa, zimenezo sindibisa. Koma amene akudikira kuti ndikapepese atopa okha.

Mkazi ndinalipo ndekha pa kakampani kena ka zamakompyuta ku City Centre. Tinkapanga webusaiti yoti amalonda a ku Area 1 aziitanitsira katundu pafoni. Pa ntchito yathuyi pamakhala pulogalamu imene imasonkhanitsa zonse zimene talemba n'kuzimanga pamodzi kuti webusaiti itseguke. Pulogalamuyo timaiwonjezera tizida tina totchedwa mapulagini.

Mkulu wa gulu lathu, a Gondwe, anabwera ndi pulagini yatsopano imene anaiona pa intaneti. Ankati ipeputsa tsamba kuti lizitseguka msanga osadya bandulo, ndipo anandiuza kuti ndiiike. Pa laputopu yanga zonse zinayenda bwino. Koma nditayesa pa foni yakale ya mayi anga aang'ono, amene amagulitsa zitenje ku Area 1 komweko, panangoti mbee, popanda ngakhale chilembo.

Ndinawatsatira a Gondwe pakhonde n'kuwauza motsitsa mawu, poopa kuwachititsa manyazi pamaso pa anzathu. Iwo anaseka. Anati makasitomala enieni ali ndi mafoni abwino, ine ndisiye mantha achizimayi. Ndinabwerera pampando wanga n'kuiika.

Tsiku loonetsa ntchito, amalonda anadzaza m'chipinda cha misonkhano, aliyense foni kumanja. Ambiri sanaone kanthu. Bambo wina wa hadiweya anaimirira n'kunena kuti sanatsekere shopu yake kudzayang'ana foni yosaonetsa kanthu, ndipo anatuluka. Anzake anamutsatira.

Masana omwewo abwana aakulu a kampaniyo anatiitana tonse. A Gondwe ananena kuti pulaginiyo ndinaisankha ndekha ndipo sindinaiyese. Polankhulapo maso awo anali pawindo. Abwana, munthu wofatsa amene ndinkamulemekeza ngati bambo anga, anati ndikapepesa pamaso pa onse nkhani ithera pomwepo.

"Kuika ndinaika ndine, koma ndinawachenjeza," ndinatero. "Sindingapepese bodza la munthu wina."

Abwana anafunsa ngati alipo amene anamva ndikuchenjeza. Panalibe. Anati ngati sindipepesa ntchito yatha, ndipo ndinanyamula chikwama changa n'kukakwera minibasi.

Kunyumba amuna anga anakwiya. Ankati mawu amodzi okha akanapulumutsa ntchito, nanga ana tiwauza chiyani. Tinakhala nthawi tikungopatsana moni ngati alendo. Kulira ndinalira, koma ku ofesi kuja sindinabwerereko. Lero ndimagwira timaganyu ta mawebusaiti pathebulo lodyera. Ndalama zake sizikwana nthawi zonse, koma palibe amene amandiikitsa chinthu chimene ndachiona kuti n'chowonongeka.

Inu owerenga, makamaka atsikana amene mukuyamba kumene ntchito imeneyi, pulagini iliyonse muziiyesa pa mafoni a anthu amene adzagwiritse ntchito, osati pa laputopu yanu yokha. Ndipo mukapeza vuto, musatengere munthu pambali. Nenani mokweza mu msonkhano, onse akumva, ngakhale mkuluyo atupe nkhope. Ine chimene chimandiwawa si kukana kupepesa ayi. N'chakuti tsiku limene ndinayenera kukweza mawu, ndinanong'ona.